Kiyibodi ya Mabatani a Salaula

Kompyuta itafika ku koleji kumene amuna anga ankaphunzitsa, ine ndinali ndi mwana woyamwa kumsana ndi makina osokera pakhonde. Tinkakhala ku komboni ya Malota m'zipinda ziwiri za lendi, chifukwa nyumba za aphunzitsi za pa koleji zinali zodzaza, ndipo anatiuza kuti tidikire wina apume pa ntchito. Munali chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, mafakitale ambiri a zovala mu Livingstone atatseka, salaula, zovala za kaunjika zija, atadzaza msika. Ntchito yanga yambiri inali yochepetsa zovala za anthu akutali kuti zikwane anthu athu: kudula miyendo ya mathalauza, kubweza m'chiuno, kusintha zipi. Chovala chikakhala chosatheka kukonza, ndinkachotsako mabatani n'kuwaponya m'chitini cha mkaka. Chitinicho chinali cholemera ndithu.

Ine sukulu ndinalekezera giredi seveni. Amuna anga ankaphunzitsa mbiri yakale kwa achinyamata ofuna kudzakhala aphunzitsi, ndipo chimene ankadziwika nacho koleji yonse chinali dzanja lawo. Akalemba pa bolodi, mphunzitsi wobwera pambuyo pawo ankachita chisoni kufufuta. Makadi a ukwati a ku tchalitchi kwathu ankalemba ndi iwo. Peni ankaigwira ngati dzira.

Chaka chimenecho yunivesite ya ku Lusaka inatsegula malo ochepa oti aphunzitsi a m'makoleji akawonjezere maphunziro. Amuna anga anali atalakalaka zimenezi kuyambira tisanakwatirane. Anafunika kulemba bwinobwino zimene akufuna kukafufuza, ndipo iwo anasankha za moyo wa anthu a ntchito ya njanji m'makomboni a tauni yathu, poti bambo awo anali mmodzi wa anthuwo. Analemba mapepala ambiri ndi dzanja lawo lokongola lija, n'kutumiza. Patapita masiku, mayi wina wophunzitsa ku yunivesiteko, amene ankayang'anira za malowo, anaimba foni ku ofesi ya koleji. Anati zolembazo wazikonda, koma za pamanja sakulandiranso. Zilembedwe pa kompyuta, zitumizidwe pa imelo teremu isanathe. Zikapanda kufika, malowo apatsa munthu wina.

Sekeletale pa koleji analipo mmodzi, koma taipulaita yake inali ya mayeso ndi makalata a akuluakulu, ndipo kompyuta ankaiopa kuposa njoka. Choncho panalibe kuchitira mwina, amuna anga anayenera kulemba okha.

Kompyutayo inali imodzi koleji yonse. Anaiika m'kachipinda kamene kale ankasungiramo mabuku, pawindo anawotchererapo zitsulo, ndipo aliyense wolowamo ankavula nsapato pakhomo kuopa fumbi. Kiyi ankasunga mphunzitsi wa masamu, mnyamata wa Chibemba amene anaphunzirako za makompyuta. Makolo a amuna anga anachokera kum'mawa, ndiye mukudziwa mmene zimakhalira pakati pa Abemba ndi anthu a kum'mawa: ndi chimbuya, amanyozana mmene angafunire popanda wokwiya. Awiriwa sankaitanana mayina. Aliyense ankangoti mbuya.

Mphunzitsi aliyense anapatsidwa theka la ola pa sabata, ndipo tsiku la amuna anga linali Lachinayi. Lachinayi loyamba ndinawaona akubwera akukankha njinga, osaikwera.

"Nanga njinga yatani, atate ake?"

"Njinga ili bwino. Amene waphwa ndine."

Anakhala pa mpando wa makasitomala, n'kumasula tayi.

"Theka lonse la ola, amake mwana, ndalemba mzere umodzi. Umodzi! Zilembo zake anazimwaza ngati papalasa nkhuku. A ali uku, B ali uko, ukamupeza C waiwala kale kumene unamuona A. Ndiye mbuya waima kumbuyo kwanga, akuti, 'Iwe wakum'mawa, si una wa mbewa uwu, leka kukumba ndi chala chimodzi.' Ana a sukulu ali pawindo, akuseka."

Ndinaseka nanenso, koma ndinaona kuti zawalowa. Munthu wozolowera kuyamikiridwa pa bolodi, lero ana akumuseka.

M'thumba la malaya anatulutsa pepala. Anali atajambulapo kiyibodi, chija chokhala ndi zilembo chimene munthu amadina polemba: mizere itatu, chilembo chilichonse m'kabokosi kake. Mbuya anawauza kuti wodziwa amalemba ndi zala zonse, maso ali pa zimene akukopera, ndipo zala zimaloweza zokha malo ake. Amuna anga anati poti makinawo ndi a kamodzi pa sabata, aziphunzira papepalapo kunyumba.

Pepala silinachedwe kutopa. Linkaterera pa tebulo, thukuta la mwezi wotentha uja linafufuta inki, ndipo zala sizinkamva pamene chilembo china chathera. Tsiku lina ndinapeza ngodya yake ili m'kamwa mwa mwana. Ndinamulanda, n'kuliyang'ana bwino. Timabokosi tating'ono m'mizere. Ndinayang'ananso chitini changa.

"Bwanji ndikusokereni pansalu? Chilembo chilichonse batani lake. Zala zizimva."

"Zingatheke zimenezo?"

"Diresi la ukwati ndimasoka. Ichi n'chiyani?"

M'mawa mwake iwo atapita ku ntchito ndinatenga chidutswa cha khaki wolimba chotsala pa thalauza lina. Ndinasankha mabatani oyera a malaya, ofanana kukula. Amuna anga anali atanena kuti pa makinawo pali zilembo ziwiri zokhala ndi kotupa, pamene zala zolozera zimapumira, ndiye pamenepo ndinaikapo mabatani awiri okhala ndi mkombero. Chachitali chapansi chosiyanitsira mawu ndinachipezera kamtengo kotsekera jasi la kumaiko ozizira, jasi loti mu Livingstone ukalivala ukomoka usanafike pa msika.

Tsono telala aliyense amadziwa kuti choko sichikhudza kumaso kwa nsalu. Umalemba kuseri, chooneka chimakhala kumaso. Amene anandiphunzitsa kusoka ankandimenya ndi tepi pa dzanja ndikaiwala zimenezi. Choncho ndinayala khaki uja chafufumimba, n'kukopera pepala lonse ndi choko kuseri kwake, chilembo ndi chilembo, mosamala kwambiri. Kenako ndinkalowetsa singano pa chilembo cha choko, n'kusokera batani kumaso. Ndikamaliza batani, ndinkasuzumira kuseri kuti ndione chilembo chake, n'kuchilemba pabatanipo ndi utoto wofiira wa m'zikhadabo. Inatuluka ntchito yaukhondo, mizere yowongoka ngati asilikali. Pepala lonyowa ndi malovu lija ndinayatsira mbaula.

Madzulo amuna anga anaiyala pa tebulo, n'kuisisita.

"Koma ndiye mwaitha!" Kenako anakwinya nkhope pang'ono. "Kodi A sanali mbali iyi?"

"Ndakopera mmene munajambulira inuyo. Sindinadumphe ngakhale chimodzi."

Anaganiza kanthawi. Makinawo anali atawaona kamodzi kokha, ali ndi manyazi, ana akuseka pawindo.

"Mutu wanga unali utazungulira tsiku lija," anatero, n'kuika zala pa mabatani.

Lachinayi lotsatira likanaulula zonse. Koma sabata yomweyo kunagwa mvula yoyamba ya mabingu, mphezi inadutsa mu waya wa foni n'kuwotcha kanthu kena m'kati mwa kompyuta. Mu Livingstone munalibe woikonza. Anaikulunga m'bulangete n'kuitumiza ku Lusaka, ndipo inakhalako pafupifupi mwezi.

Aphunzitsi ena anapumira m'mwamba. Amuna anga okha ndi amene anati mwayi ndi umenewu. Akaweruka ankatulutsa tebulo pansi pa mtengo wa mango, n'kuyala nsalu yawo, zolemba zawo atazitsamiritsa ku botolo. Mabatani akagunda thabwa ankalira kuti te, te, te. Poyamba pang'onopang'ono ngati denga lodontha, kenako ngati mvula yeniyeni. Ine ndili pa makina anga, iwo ali pa awo, mwana ali pa mphasa pakati pathu akutembenuzira mutu uku ndi uku.

Mayi wa nyumba yoyandikana nafe, Mtonga wogulitsa zitumbuwa, anapirira masiku angapo, kenako anabwera pa mpanda.

"Ba neba, ba tichala ni bwino? Naona bakuimba limba, koma silimveka."

"Akuphunzira kompyuta."

"Kompyuta ni iyo?"

"Imeneyo ndi ya kunyumba. Ya ku ntchito inapita ku chipatala."

"Oo." Anayang'anitsitsa. "Iyi ndiye yabwino, siidya malaiti."

Pofika sabata yachitatu amuna anga ankalemba atatsinzina. Ankandiuza kuti nditchule mawu alionse, ine n'kuti "sopo," zala n'kuthamanga; "kapenta," zala n'kuthamanga. Ndinkayang'ana, chala chilichonse chinkagwera pa batani loyenera. Anayamba kuyenda modzimva. Anati makinawo akangobwera, zolemba zonse adzazimaliza m'maulendo awiri kapena atatu, mbuya adzatseka pakamwa.

Kompyuta inabwera mango atayamba kupsa. Lachinayi limenelo ndinawasitira malaya oyera, ndipo pochoka anandiuza kuti aitana aphunzitsi anzawo kuti adzaonerere.

Chakumadzulo ndinamva kuseka kuchokera kumsewu, kuseka kwa munthu amene wayamba kalekale ndipo nthiti zikumupweteka. Anali mbuya, akukankha njinga ya amuna anga, eni ake akubwera pambuyo manja ali m'thumba.

"Alamu! Alamu, tulukani muone zimene kapolo wanga wachita!"

"Takulandirani, alamu. Kwagwanji?"

Anandipatsa pepala lotuluka m'makina. Linali lodzaza kuyambira pamwamba mpaka pansi, koma panalibe liwu ngakhale limodzi loti munthu n'kuwerenga. Zilembo zinangounjikana, ndipo paliponse panali timadontho tokhala ndi michira.

"Munthu wakhala pansi ngati dokotala," anatero mbuya akupukuta misozi. "Wakunga manja a malaya. Akuti, 'Penyani kuno, inu odya anyani.' Maso pa pepala lake, zala prrrr! Ife tonse kukamwa yasa. Ba prinsipo afika pakhomo, avula nsapato, alowa. Ayang'ana pa galasi, avala magalasi, ayang'ananso. Akuti, 'Kodi chimenechi ndi Chilozi chakale?' Mlozi wathu wa sayansi akuti, 'Awe, musatinamizire.'"

"Makina ako anawakonza molakwika ku Lusaka," anatero amuna anga. "Ine zala zanga sizinaphonye."

"Makina ali bwino, iwe. Mbewa zakukwera m'mutu."

Nsalu ija inali pa tebulo pansi pa mango, poti ndinali nditawayalira kale. Mbuya anaiona, n'kuitola. Anaiyang'ana, kuseka kunaima. Anaitembenuzira uku, n'kuibweza. Kenako anakhala pansi pa dothi penipeni, thalauza la ku ntchito lili m'thupi.

"Mayo ine! Alamu, mwasoka kompyuta ya pagalasi! Za kumanzere zili kumanja, za kumanja zili kumanzere!"

Ndinamulanda nsaluyo n'kuitembenuza. Choko chinali chisanafufutike chonse. Kuseriko A anali kumanzere, bwinobwino, monga mmene amuna anga anajambulira. Kumaso, kumene kunali mabatani, anali kumanja. Pa diresi zimenezi sizivuta, chifukwa dzanja la kumanzere ndi la kumanja n'zofanana. Mwezi wathunthu amuna anga anali akuphunzitsa dzanja lililonse ntchito ya linzake.

"Choko sichikhudza kumaso kwa nsalu," ndinatero ndi mawu aang'ono.

Amuna anga anayang'ana ine, anayang'ana nsalu, kenako anayamba kugwedezeka mapewa. Tinaseka tonse atatu mpaka mwana anadzidzimuka n'kulira, mayi wa zitumbuwa n'kutulukira pa mpanda kufunsa ngati ba tichala akwezedwa pa ntchito.

Koma mbuya atapita, kuseka kunapita naye. Amuna anga anatenga zolemba zawo zija, n'kumaziyeza m'manja ngati akuyeza nyama pa butchala. Teremu inali itatsala masabata ochepa.

Ndinatenga lezala, n'kudula mabatani onse dzuwa lisanalowe, ndipo m'mawa ndinawasokanso kutsatira choko, mbali yomweyo ya choko. Aphunzitsi anga a zosoka akanaona akanandimenya ndi tepi, koma sanalipo.

Vuto linali zala. Mutu unkadziwa kuti A wasamuka, koma zala zinkapitabe kumudzi kwakale. Akati afulumire, zonse zinkabwerera pagalasi. Tsiku lachiwiri anakankha tebulo.

"Basi. Malo aja apatse wina. Zala izi zakalamba, sizingaphunzire kawiri."

"Zakalamba liti? Mwezi wathawu zinali za mnyamata."

"Musandiseke, amake mwana."

"Sindikuseka. Bweretsani mapepalawo, ndizikuwerengerani ine. Inu muzingodina."

Anandiyang'ana mokayika, ndipo sindiwaimba mlandu. Chingerezi changa ndi cha giredi seveni, chimayenda ngati ngolo ya ng'ombe pamchenga. Mawu aafupi ndinkawatha, koma aatali ndinkachita kutchula chilembo chimodzichimodzi, chala chili pa pepala. Ndikatchula ndinkadzutsa maso kuona kumene chala chawo chapita. Chikalowera kwakale ndinkachigunda pang'ono ndi tepi.

"Aa! Mukumenya lekichala?"

"Ndikumenya chala. Lekichala sindinamukhudze."

Kuchedwa kwangako ndi kumene kunathandiza. Akamawerenga okha maso ankathamanga, zala n'kuthamangira njira imene zinazolowera. Koma poyembekeza ine kuti ndilimbane ndi liwu lalitali, chala chinkapeza nthawi yoganiza. Tinkachita zimenezi m'mawa asanapite ndiponso akaweruka, mwana ali pa bere kapena akukwawira ku chitini cha mabatani. Mwanayo anazolowera moti tepi ikagunda chala cha bambo ake ankaomba m'manja.

M'menemo ndi mmene ndinadziwira zimene zinali m'mapepalamo. Ndikafunsa tanthauzo la liwu, ankandimasulira, kenako n'kuyamba kukamba za bambo awo: mmene ankabwerera kunyumba ali bii ndi malasha, mmene mabanja a mitundu yosiyanasiyana ankaphikira pa bwalo limodzi mpaka ana n'kumayankhula zilankhulo zinayi. Apongozi angawo sindinawapeze ali moyo. Ndinawadziwira pansi pa mango paja, chilembo chimodzichimodzi.

Zala zinayamba kumvera. Koma ngakhale zikanathamanga bwanji, theka la ola pa sabata silikanakwana mapepala onse aja. Amuna anga anakapempha nthawi yowonjezera, akuluakulu anati ayi, akapatsa mmodzi onse adzafuna.

Nkhani ya kompyuta ya pagalasi inali itafala koleji yonse, mpaka ophika ku khitchini ankaidziwa. Ndinkaganiza kuti anthu angoseka basi. Koma Loweruka lina kunabwera bambo wina wachikulire, mphunzitsi wa za chipembedzo, atanyamula thalauza m'pepala. Anati ndilifupikitse. Ndinaliyeza pa iwo.

"Ba tate, thalauzali lili bwino. Ndikadula lifika m'mawondo."

Anatsokomola, n'kuyang'ana ngati amuna anga ali pafupi. Amuna angawo anali atapita kukagula makala.

"Mayi, nkhani si thalauza. Ndi kansalu kaja." Anatsitsa mawu. "Ine m'chipinda chija sindinalowemo chiyambire. Zaka zonsezi ndaphunzitsa, lero ndikasekedwe ndi ana pawindo? Ndimati ndiyambe ndaphunzira kunyumba, chitseko chili chotseka."

"Mukufuna ya kumaso kapena ya pagalasi?"

Anaseka mpaka kutsokomola kwenikweni kunabwera. Atapuma anafunsa mtengo. Ndinali pafupi kutchula, koma maganizo ena anandifikira.

"Tsiku lanu la kompyuta ndi liti?"

"Lolemba. Limangopita pachabe."

"Ndiye musandipatse kanthu. Lolemba lanulo mubwereke atate ake mwana mpaka teremu ithe."

Nkhope yawo inawala ngati munthu amene wamutula mtolo wa nkhuni.

"Atenge! Atenge ndithu, ndi mtima umodzi!"

Pambuyo pawo panabwera mayi wophunzitsa za pakhomo, atanyamula siketi yopanda vuto lililonse. Kenako wa Chingerezi, amene sanavutike n'kunyamula chovala. Aliyense ankabwera payekha, mozemba, n'kundipempha kuti ndisauze anzake. Chitini changa chinayamba kupepuka, moti ndinapita ku salaula kukasankha malaya ong'ambika chifukwa cha mabatani okha, wogulitsa n'kumandiyang'ana ngati ndazungulira mutu. Nsalu iliyonse ndisanaipereke ndinkaika dzanja lamanzere pa A, kuti nditsimikize.

Amuna anga atamva anagwira pakamwa.

"Mwasandutsa koleji msika, amake mwana? Akuluakulu akamva?"

"Mwaba chiyani? Eni ake apereka okha."

Anakafunsa mbuya, poti kiyi anali naye. Mbuya anati palibe lamulo loletsa munthu kupatsa mnzake nthawi yake, koma iyenso ali ndi mtengo wake: alamu asokere kompyuta chovala, chifukwa chinsalu cha tebulo chimene ankaifunditsa chinali chochititsa manyazi alendo akabwera. "Koma uwauze," anatero, "kuti chovalacho chisakhale cha pagalasi."

Kuyambira pamenepo amuna anga ankalowa m'kachipinda kaja pafupifupi tsiku lililonse. Ankabwera madzulo n'kundiuza kuti lero masamba awiri, lero atatu, lero magetsi anazima ndisanasunge ndiye tsamba lonse lapita. Tsiku limenelo sanadye bwino. Koma m'mawa anadzuka n'kuyala nsalu.

Sabata yomaliza ya teremu, tsiku loti atumize, ndinabereka mwana n'kupita nawo kuti ndikayeze makinawo. Tinadzera mu msewu wa Mosi-oa-Tunya, ndinagula nsalu yobiriwira ya maluwa ang'onoang'ono pa sitolo ya Mmwenye, n'kuyenda m'mithunzi ya mitengo mpaka ku koleji. Pakhomo la kachipindako panali nsapato za mbuya. Ndinavula zanga n'kuziika pambali pake.

Kunena zoona ndinakhumudwa pang'ono. Chinthu chimene chinatisowetsa mtendere miyezi yonseyi ndinkachiyesa chachikulu ngati firiji ya mu butchala. Chinali ka wailesi yakanema kotuwa, kokhala pa bokosi. Koma kiyibodi ndinaizindikira ngati m'bale wanga. Ndinaika chala pa A. Anali kumanzere.

"Mwamupeza, alamu?" anatero mbuya. "Mupatseni moni, mwamuvutitsa kokwanira."

Ine ndikuyeza ndi tepi m'mbali ndi kumbuyo, amuna anga ankamaliza tsamba lotsiriza. Sankathamanga ngati pa nsalu yoyamba ija, koma mawu ankatuluka pagalasipo oona, amodzi pambuyo pa anzake, ena ndinkawakumbukira kuti awa ndinalimbana nawo pansi pa mango. Atamaliza, mbuya anakhala pampando kuti atumize. Anadina apa ndi apo, kabokosi kena kanayamba kulira ngati mphaka wopondedwa mchira. Mwana anakakamira khosi langa. Kenako phokoso linaduka.

"Chachitika n'chiyani?" anafunsa amuna anga.

"Wina wanyamula foni ku ofesi. Waya ndi umodzi." Mbuya anathamangira pakhomo ndi masokosi okha, n'kukuwa m'khonde monse: "Ba sekeletale! Ikani foni pansi! Tikutumiza wakum'mawa ku yunivesite, mwina angachangamuke!"

Anayambiranso. Mphaka analira, analira, kenako anakhala chete mwa mtundu wina. Mbuya anawerenga pagalasi n'kutambasula manja.

"Zapita."

Ndinayang'ana pa tebulo. Mapepala onse anali pomwepo.

"Zapita bwanji, zili apazi?"

"Zafika kale ku Lusaka, alamu."

"Sitima imatenga usiku wonse ndi usana."

"Iyi siima pa siteshoni ya Choma."

Ndiye ngati zafika kale, ndinaganiza, yankho libwera tisanavale nsapato. Silinabwere tsiku limenelo, ngakhale mawa lake. Koleji inatseka, ana anapita kwawo, amuna anga ankapalasa njinga m'mawa uliwonse kukagogoda kwa mbuya kuti akatsegule aone. Ankabwera chimanjamanja. Ine ndinasoka chovala cha kompyuta, ndinachiika mphonje m'munsi, ndipo pofuna kuwasangalatsa ndinawafunsa ngati ndisokenso china cha njinga. Sanaseke.

Yankho linafika sabata yotsatira. Ndinamva belu la njinga kuchokera patali, likulira osalekeza, ana a mu Malota akuthamangira pambuyo. Anatsika njinga isanaime.

"Anditenga, amake mwana! Anditenga!"

Mu imelo yake, mayi wa ku yunivesite uja anapepesa chifukwa chochedwa. Anati nawonso kumeneko kompyuta ya imelo ndi imodzi mbali yawo yonse, madokotala a maphunziro amaima pamzere ngati pa chigayo, ndipo sabata imeneyo amene amasunga kiyi anali ku maliro. Zolembazo anazilandira nthawi isanathe, malo ndi awo. Anangowonjeza kuti m'masamba awiri kapena atatu muli timadontho ta michira pamene pamayenera kukhala A, akonze.

Mayi wa zitumbuwa anabweretsa mbale yodzaza osalipiritsa. Mbuya anabwera madzulo ake kudzanena kuti yunivesite yatsika mtengo ngati yayamba kutenga odya mbewa, ndipo anadya zitumbuwa zambiri kuposa aliyense.

Teremu yotsatira aphunzitsi aja anatenganso masiku awo. Wa za chipembedzo analowa m'kachipinda kaja koyamba, nsalu yake ili m'thumba la jekete, ndipo ndinamva kuti analemba mizere inayi ana osaseka. Chovala chobiriwira chinakhala pa kompyutayo mpaka pamene anagula zina.

Amuna anga anamaliza maphunziro awo, ndipo lero ali ndi kompyuta yawoyawo yopinda ngati buku. Amalemba msanga, osayang'ana. Koma akatopa, zala zimakumbukabe mwezi uja wa pansi pa mango. Ndimangomva ali kuchipinda akuitana:

"Amake mwana! Nsalu yanu ija yabweranso!"

Ine ndimayankha ndili pa makina anga kuti tepi ili pompano, ngati akuifuna.